Maola 24 a wotikita minofu: kodi kukhala pampando n'kuphunzira?

Nkhani ya lero ikuchokera kutali, ndipo ena mudabwa kuti mphunzitsi wa sekondale zamulowa bwanji za anthu otikita minofu. Dekhani, muona pomwe zikukumanirana ndi choko.

Ku United States, m'chigawo cha Florida, munthu wofuna kudyera ntchito yotikita minofu, ija m'tauni timangoti masaji, sangangogula bedi ndi mafuta n'kuyamba kulandira makasitomala. Amayenera kuphunzira kaye maola osachepera 500 pasukulu yovomerezeka, kukhoza mayeso, kenako n'kulandira laisensi ku bungwe la boma lotchedwa Florida Board of Massage Therapy. Laisensiyo si ya moyo wonse ngati satifiketi ya MSCE. Imatha pa 31 Ogasiti zaka ziwiri zilizonse, monga mu 2023 ndi mu 2025, ndipo kuti munthu aikonzetsenso amayenera kuonetsa umboni woti m'zaka ziwirizo waphunziranso maola 24. Akapanda kutero laisensi imaima, ndipo kutikita munthu molipiritsa popanda laisensi ndi mlandu kumeneko.

Maganizo anga ndiwaneneretu kuti tisatayane nthawi. Kukakamiza anthu amenewa kuti aziphunziranso n'koyenera. Koma kuyeza kuphunzirako powerenga maola omwe munthu wakhala pampando ndi njira yaulesi. Ife aphunzitsi ndiye tiyenera kudziwa zimenezi kuposa wina aliyense, chifukwa m'mawa uliwonse timaitana mayina m'kaundula, ana n'kumayankha kuti alipo, koma pofika pa mayeso n'kupezeka kuti ena adalipo ndi thupi lokha.

Ndikudziwa pali wina akuseka kale. Kodi kutikita nakonso kumafuna sukulu? Agogo athu ankatithowa ndi madzi otentha, n'kutisisita mwendo wobinya, opanda pepala lililonse. Zoona zimenezo. Koma agogo ankasisita mdzukulu wawo yemwe ankamudziwa kuyambira ali khanda. Wotikita wa ku Miami kapena ku Orlando amalandira anthu achilendo tsiku ndi tsiku, ambiri mwa iwo achikulire, pakuti Florida ndi kumene anthu ambiri a ku America amasamukira akapuma pantchito. Tsono munthu wachikulire amabwera ndi matenda ake komanso mankhwala ake. Wina amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin, ndipo ukamukanikiza mwamphamvu magazi amatha kutayikira m'kati mwa mnofu. Wina mafupa ake adafooka ndi ukalamba moti nthiti ikhoza kuthyoka ndi chigongono cha wotikita. Wodwala shuga mwina mapazi ake adachita dzanzi, sangamve kuti mwala wotentha womwe amuyika ukumuotcha.

Choopsa kwambiri ndi magazi oundana mumtsempha wa m'kati mwa mwendo. Munthu watsika ndege atakhala maola ambirimbiri osatambasula miyendo, katumba watupa ndipo akupweteka, iye n'kuganiza kuti masaji amuthandiza. Wotikita wosadziwa akakanya pamenepo, kachibulumwa ka magaziko kakhoza kusuntha, kuyenda ndi mtsempha mpaka kukatseka m'mapapo, ndipo munthu akhoza kufa tsiku lomwelo. Wodziwa ntchito yake amaona kuti mwendo umodzi wokha ndiwo watupa, ukutentha, wafiira, n'kumuuza kasitomala kuti lero ayi, pitani kuchipatala. Amataya ndalama ya tsikulo koma wapulumutsa munthu. Onjezaninso apa kuti wotikita amaona msana wa munthu, malo omwe mwini wake sadziona, ndipo akhoza kukhala woyamba kuzindikira kuti kachipsera kakuda kena kakusintha maonekedwe ndipo kakufunika dokotala wa khungu. Ku Florida, komwe dzuwa limaomba pa anthu a khungu loyera chaka chonse, imeneyi si nkhani yaing'ono.

Wina anena kuti zonsezi adaphunzira kale m'maola 500 aja, nanga kubwereranso m'kalasi n'kwa chiyani? Chifukwa chake n'chakuti zimene munthu adaphunzira zimasasa ngati thobwa logonetsa. Kwa zaka zambiri masukulu a masaji ankaphunzitsa kuti wodwala khansa asamakhudzidwe n'komwe, poopa kuti kutikita kumwaza matendawo m'thupi lonse. Lero madokotala sakhulupiriranso zimenezo. Chipatala chotchuka cha khansa cha Memorial Sloan Kettering ku New York chili ndi anthu otikita odwala, ndipo mu 2004 akatswiri ake adasindikiza zomwe adapeza mwa odwala 1,290: ululu, nkhawa, nseru ndi kutopa zinkatsika pafupifupi ndi theka munthu akangotikitidwa, malinga ndi kunena kwa odwala eni ake. Ndisamveke molakwika, masaji sachiza khansa, ndipo pali malo oyenera kuwapewa, monga pomwe pali chotupa chenichenicho. Koma taganizirani wotikita amene adamaliza sukulu kalekale n'kusaphunziranso kanthu. Mpaka lero akubweza pakhomo mayi wodwala yemwe akadapezako mpumulo, ndipo akumubweza ndi mtima wabwino, pokhulupirira kuti akumuteteza.

China ndi chija mumachimva ngakhale kwa anyamata a mpira, choti masaji amachotsa lactic acid m'minofu. Mu 2010 ofufuza a pa Queen's University ku Canada adasindikiza zomwe adapeza atayesa zimenezi, ndipo zidali zosiyana ndi zomwe anthu amanena: kutikita mnofu utangomaliza ntchito yolemetsa kunkachepetsa kuyenda kwa magazi, lactic acid n'kumachedwa kuchoka. Pamene zina zikugwa, zina zikutsimikizika. Mu 2017 bungwe la madokotala la American College of Physicians lidaika masaji pa mndandanda wa njira zoyenera kuyamba kuyesa munthu akamva msana womwe sunakhalitse, asanathamangire mankhwala. Wotikita ayenera kudziwa zonse ziwiri, chomwe ntchito yake imathadi ndi chomwe siitha, kuti asamanamize anthu.

Ifenso tili nazo zathu. Mu Ogasiti 2006 akatswiri a zakuthambo adachotsa Pluto pa gulu la mapulaneti akuluakulu, koma kwa zaka zingapo pambuyo pake ndinkakumanabe ndi ana a Fomu 1 oloweza mapulaneti asanu ndi anayi, chifukwa manotsi omwe adakopera adali akale kuposa iwo eni. Kusiyana kwake n'kwakuti Pluto sapha munthu.

Choncho pa mfundo yoti aphunzirenso, ine ndilibe mkangano ndi a ku Florida. Mkangano wanga uli pa nambala. Ku United States chigawo chilichonse chimadzipangira malamulo ake pa nkhaniyi. Florida imafuna maola 24 pa zaka ziwiri. New York, kuyambira mu 2012, imafuna maola 36 pa zaka zitatu, zomwe n'chimodzimodzi maola 12 pachaka, ngakhale kuti sukulu yoyambira kumeneko ndi ya maola 1,000, kuwirikiza kawiri ya ku Florida. Texas imafuna maola 12 pa zaka ziwiri, kutanthauza 6 okha pachaka. Ku California satifiketi ya bungwe la California Massage Therapy Council imakonzedwanso zaka ziwiri zilizonse popanda kufunsa ola ngakhale limodzi la maphunziro oonjezera. Ndipo pofika mu 2023 zigawo monga Kansas, Minnesota ndi Wyoming zidalibe n'komwe laisensi ya chigawo chonse ya ntchitoyi. Tsono ndifunse: kodi msana wa munthu wa ku Texas ndi wolimba kawiri kuposa wa munthu wa ku Florida? Kodi magazi saundana ku California? Manambala osiyana chonchi, pa ntchito imodzi ndi thupi limodzi la munthu, akundiuza ine kuti sadachokere pa kuyeza chomwe wotikita akufunikadi kudziwa. Akuoneka ngati manambala omwe anthu adagwirizana pa msonkhano chifukwa ndi osavuta kuwawerenga.

Ndipo kuwerenga kwake n'kosavutadi. Ku Florida amagwiritsa ntchito njira ya pa intaneti yotchedwa CE Broker: wophunzitsa kosi amalowetsamo dzina la amene wamaliza, maola n'kumaunjikana, ndipo akakwana 24 khomo limatseguka. Kompyuta imadziwa kuphatikiza. Chomwe siidziwa n'chakuti munthuyo tsopano akugwira ntchito mosiyana ndi kale kapena ayi.

Funso limeneli madokotala adalifufuza kale pa iwo eni, pakuti iwonso amakakamizidwa kusonkhanitsa maola. Mu 1999 gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi Dave Davis wa pa University of Toronto lidasindikiza m'magazini ya JAMA zomwe lidapeza litaunika kafukufuku wosiyanasiyana. Maphunziro omwe dokotala amangokhala phee n'kumamvetsera wina akuyankhula kutsogolo sankasintha kagwiridwe kake ka ntchito. Omwe ankasintha kanthu ndi aja munthu amachita nawo yekha, kuyeserera, kukambirana za wodwala weniweni, kufunsidwa ndi kukonzedwa. Mu 2009 bungwe la Cochrane lidaphatikiza kafukufuku 81 ndipo lidapeza kuti misonkhano ya maphunziro imathandiza ndithu, koma pang'ono: mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 6 oonjezera ndiwo ankayamba kuchita zoyenera. Mu 2010 Institute of Medicine ya ku America idatulutsa lipoti lonena poyera kuti kayendetsedwe ka maphunziro oonjezera a ogwira ntchito zaumoyo kali ndi zofooka zikuluzikulu, ndipo china mwa izo n'chomwechi choika mtima pa kukwanitsa maola m'malo moona pomwe munthu akuperewera. Anzanga amene tidadutsa ku koleji ya zauphunzitsi, kodi pali chachilendo apa? Si zomwezi ankatiuza pa njira zophunzitsira, kuti mwana asamangomvetsera koma achite?

Apa ndiye ndiyenera kuwayamikira a ku Florida pa chinthu chimodzi. M'malamulo a bungwe lawo maola 24 aja adagawidwa. Maola 2 ndi a kapewedwe ka zolakwika zovulaza wodwala, 2 a malamulo a chigawocho, 2 a khalidwe loyenera pa ntchito, limodzi la nkhani yozembetsa ndi kugulitsa anthu, 5 munthu amasankha yekha, ndipo 12 otsalawo adalembedwa kuti akhale a luso lenileni la kutikita, m'kalasi, mphunzitsi ali pomwepo. Kwa ine maola 12 amenewa ndiwo mtima wa lamulo lonselo. Ntchito ya manja imakonzedwa ndi maso a munthu wina. Wotikita amene wagwira ntchito zaka khumi yekhayekha m'kachipinda kotseka amakhala ndi zizolowezi zomwe sadziona: amakanikiza ndi chala chachikulu mpaka kudzivulaza yekha, amaima mopindika msana, amaiwala kufunsa kasitomala za mankhwala omwe akumwa. Palibe amene amamuona akugwira ntchito kupatula kasitomala, yemwe wagona chafufumimba ndipo sadziwa kusiyanitsa. M'kalasi ya maso ndi maso mphunzitsi amamugwira dzanja n'kulikhazika pamalo oyenera, ndipo mnzake yemwe akumuyesererapo amamuuza mosabisa kuti apa mukundipweteka.

Mliri wa Covid-19 utabwera mu 2020, bungweli lidalola kuti maola amenewa achitikire pa intaneti. Panthawiyo padalibe kuchitira mwina, ndipo sindingawadzudzule. Koma chinthu chikapepuka anthu safuna kuti chilemerenso, ndipo mawu ofuna kuti zonse zizichitikira pa intaneti mpaka kalekale sasowa. Zifukwa zawo n'zomveka: n'zotchipa, munthu sataya tsiku la ntchito, wa kumudzi sayenda mtunda wautali. Ine ndikuti pa malamulo ndi pa nkhani za matenda, intaneti ndi yokwanira. Pa manja ayi. Tonse tikudziwa m'mene kosi yotchipa ya pa intaneti imayendera. Munthu amatsegula tsamba, n'kumadina kuti lipite kutsogolo uku akuphika, pamapeto pake n'kuyankha timafunso tomwe mayankho ake ali pa tsamba lomwelo. Kumeneko ife timati kulowa m'mayeso ndi likasa, kungoti likasa lake wakupatsa ndi woyang'anira mayeso yemweyo.

Palinso vuto la zomwe zili m'kati mwa makosiwo. Ola ndi ola basi, kaundula sasankha. Munthu amene watha maola asanu akuphunzira kuzindikira zizindikiro za magazi oundana ndi amene watha maola asanu akuphunzira za mphamvu zosaoneka zomwe akuti zimayenda m'thupi, monga amanenera a Reiki, m'zigawo zambiri onsewo amalembedwa mofanana. Aliyense ali ndi ufulu wokhulupirira zomwe akufuna ndi kugulitsa zomwe makasitomala akufuna. Koma boma likamakakamiza munthu kuphunzira m'dzina loteteza anthu, liyenera kukakamiza zomwe zimatetezadi anthu. Zinazo aphunzire ndi ndalama zake pa nthawi yake, popanda chidindo cha boma.

Za maola 2 a khalidwe ndakhala ndikuziganizira kwambiri. Ntchito iyi ndi yapadera: kasitomala wavula, wangofunda nsalu, chitseko n'chotseka, muli anthu awiri okha. Mu 2017 atolankhani a BuzzFeed News adaulula kuti anthu oposa 180 adadandaula kuti adachitidwa zachipongwe m'nthambi za kampani ina yaikulu ya masaji ku America. Kodi maola awiri pa zaka ziwiri angasinthe munthu wa mtima woipa? Sangathe. Munthu wotero sachita chipongwe chifukwa chosadziwa. Komabe sindingawachotse maolawa, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, amachotsa pothawira: munthu akaitanidwa ku bungwe sanganene kuti sankadziwa kuti pali malo osayenera kuvundukula, kapena kuti ayenera kupempha chilolezo asanagwire malo ena. Chachiwiri, ndipo ichi anthu amachiiwala, otikita ambiri ndi amayi, ndipo kawirikawiri ndi iwowo amene amavutitsidwa ndi makasitomala aamuna obwera ndi maganizo ena. Kuphunzira m'mene ungaimitsire ntchito pakati, kutuluka m'chipinda ndi kukanena, ndi chitetezo cha wotikitayo.

Ola la nkhani yozembetsa anthu lili ndi mbiri yake. Mu Febuluwale 2019 apolisi adagwira malo angapo a masaji ku Florida, ena mwa iwo m'tauni ya Jupiter, ndipo nkhaniyo idamveka dziko lonse chifukwa ena mwa makasitomala adali anthu olemera ndi otchuka. Chaka chomwecho aphungu a chigawocho adakhazikitsa lamulo lofuna kuti ogwira ntchito zaumoyo osiyanasiyana, kuphatikizapo otikita, aphunzire za mchitidwewu. Pa mlandu wa ku Jupiter uja, oimira boma adavomereza pambuyo pake kuti sadapeze umboni wa kuzembetsa anthu. Vutolo lilipo ndithu, malo ena olembedwa kuti masaji ndi chophimba chabe. Koma amene amasunga atsikana mokakamiza sapita ku kosi. Amene amakhala pansi kuphunzira ola limenelo ndi mayi wolungama yemwe ali kale ndi laisensi yake. Mwina tsiku lina adzazindikira mnzake yemwe ali m'mavuto n'kuimba foni, ndipo ngati zitatero ola limenelo lapindula. Koma aphungu asadzinamize kuti agwira ntchito. Kuonjezera ola pa kaundula n'kotchipa kwa boma kusiyana ndi kulemba anthu oyendera malo amenewa.

Ndipo pepala limagulidwa. Mu Seputembala 2012, Rick Scott ali bwanamkubwa wa Florida, boma lidaimitsa malaisensi a otikita oposa 80 nthawi imodzi, zitadziwika kuti adagula mapepala abodza a maphunziro kudzera kwa munthu wina wogwira ntchito pasukulu ina ya masaji, pa mtengo wa madola 10,000 kapena kuposerapo. Ngati anthu adagula maola 500 athunthu, maola 24 angavute? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Njira iliyonse yomwe imangoyang'ana pepala osayang'ana munthu imaitana ogulitsa mapepala.

Tsono tifike pa ndalama, pakuti ndi pomwe nkhani zotere zimapwetekera. Otikita ambiri ku America amadzilemba okha ntchito kapena amalipidwa potengera anthu omwe awatikita. Sangagwire maola 40 pa sabata ngati wa muofesi, manja sangalole. Akapita ku kosi ya masiku awiri amalipira kosiyo, ulendo, mwina ndi malo ogona, kuonjezera pa ndalama yokonzetsera laisensi, ndipo masiku awiriwo salandira kanthu. Amene amapindula mosakayikitsa ndi ogulitsa makosi, chifukwa lamulo lawapatsa makasitomala omwe sangakane. Mu 2015 ofesi ya pulezidenti Barack Obama idatulutsa lipoti losonyeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse ogwira ntchito ku America ankafunika laisensi, pamene m'zaka za m'ma 1950 adali osakwana 5 mwa 100 alionse, ndipo lidachenjeza kuti malamulo ena amangotsekereza anthu osauka ndi obwera kumene popanda kuteteza aliyense. Ine sindili m'gulu la ofuna kuti malaisensi onse athe. Ndanena kale za mwendo wotupa uja. Koma ukamulipiritsa munthu wopeza zochepa, uyenera kutsimikiza kuti chomwe akugulacho chili ndi ntchito.

Njira ina ilipo, ndipo si maloto. Ku Ontario, m'dziko la Canada, bungwe loyang'anira otikita la College of Massage Therapists of Ontario lidasiya kuwerenga mapointi a maola, ndipo mu 2019 lidayambitsa ndondomeko yotchedwa STRiVE. Wotikita amadziunika yekha kuti akuperewera pati, amalemba zomwe akufuna kuphunzira ndi m'mene aziphunzirire, amachita phunziro lomwe bungwe lakonzera onse, ndipo ena amasankhidwa kuti kagwiridwe kawo ka ntchito kaunikidwe. Nayonso ili ndi pothawira pake, pakuti munthu waulesi akhoza kulemba zokoma papepala. Koma funso lomwe ikufunsa ndi lolondola. Sikufunsa kuti wakhala pansi nthawi yaitali bwanji. Ikufunsa kuti sudziwa chiyani, ndipo wachitapo chiyani.

Ndikadakhala pa mpando wa bungwe la ku Florida, ndikadachepetsa maola okakamiza m'malo mowachulukitsa. Ndikadasunga a maso ndi maso, koma ndi lamulo loti mphunzitsi asasainire munthu asanamuone akugwira ntchito ndi manja ake. Za matenda oopsa, za malamulo ndi za khalidwe ndikadazipanga kosi imodzi ya bungwe lenilenilo, yaulere kapena yotchipa kwambiri, yosinthidwa zaka ziwiri zilizonse potengera madandaulo omwe bungwe lalandira, yokhala ndi mayeso oti munthu akhoza kulephera. Mayeso omwe palibe amalephera si mayeso. Wolephera asalandidwe laisensi tsiku lomwelo, apatsidwe mpata wobwereza, monga timachitira ndi mwana wa Fomu 4. Zotsalazo ndikadazisiya m'manja mwa munthu mwini, pakuti amene amakonda ntchito yake amaphunzira ngakhale popanda womukakamiza.

Ndidalonjeza kuti muona pomwe zikukumanirana ndi choko. Kuno kwathu anamwino ndi azamba akhala akusonkhanitsa mapointi a maphunziro oonjezera kuti akonzetse ziphaso zawo ku Nurses and Midwives Council of Malawi kuyambira cha mu 2010. Ife aphunzitsi, Lamulo la Maphunziro la 2013 lidakhazikitsa Teachers Council of Malawi yoti izitilembetsa ndi kutipatsa ziphaso, ndipo mu 2018 unduna udatulutsa ndondomeko ya maphunziro oonjezera a aphunzitsi. Njira yomwe otikita a ku America adayenda kale ndi yomwe ifenso taiyamba, ndipo safunsa adadya phula. Ndakhalapo m'mawekishopu ambiri m'zaka zanga zauphunzitsi. Ena adandithandiza kwambiri, makamaka aja tinkaphunzitsana tokhatokha, mnzako n'kuima kutsogolo kuphunzitsa phunziro lenileni ife tikukhala ngati ana, kenako n'kumuuza pomwe watitaya. Ena adali oti wolankhula akuwerenga zomwe zili pakhoma, theka la anthu lili pa foni, ndipo chipinda chimadzadza nthawi imodzi yokha, pomwe pepala losainira alawansi layamba kuyenda. Pa kaundula mawekishopu awiriwa ndi ofanana, masiku atatu uku, masiku atatu uko.

Ndiye pamene akuluakulu akukonza za m'mene chiphaso cha mphunzitsi chizikonzedwera, ndikupempha kuti ayang'ane ku Florida, ku Texas ndi ku Ontario asanasankhe nambala. Aganizire mphunzitsi wa pa CDSS ya kumudzi yemwe kuti akafike pa boma amalipira njinga yamoto ndi minibasi kuchokera m'thumba mwake, ndipo komwe ali netiweki imagwira pa chulu pokha. Akamuuza kuti asonkhanitse mapointi, anene amene alipire. Ndipo mphunzitsi mnzake wa pasukulu yoyandikana akabwera kudzakhala kumbuyo kwa kalasi yake kwa mapiriyodi awiri, n'kukambirana naye pambuyo pake za pomwe ana adasochera, zimenezo ziwerengedwe, ndipo ziwerengedwe kuposa masiku atatu a ku hotela ya kunyanja.